Mamendulo awiri a Ralph: kutsogolera achinyamata pa filimu ya katuni, Baibulo lili m'manja

Kusonkhanitsa achinyamata kuti aonere katuni si nkhani yovuta. Pamavuta ndi pamene filimu yatha, mwayatsa nyale, onse akuyang'ana inu. Atsogoleri ambiri akafika apa amafunsa kuti "mwaphunzirapo chiyani?", wina n'kuyankha kuti "tizikondana", basi zathera pomwepo. Ena amatsegula Baibulo n'kulalikira uthenga umene anakonza kale, wosakhudzana n'komwe ndi zimene ana aona. Malangizo awa ndi a mtsogoleri wa achinyamata kumpingo, mphunzitsi wa Sande sukulu wa ana okulirapo, wotsogolera SCOM kusekondale, kapena kholo lofuna kucheza ndi ana ake zakupsa.

Tigwiritsa ntchito filimu imodzi, Wreck-It Ralph, ya Walt Disney Animation Studios, imene inatuluka mu 2012 motsogozedwa ndi Rich Moore. Ndi ya mphindi 101. Si filimu yachikhristu, ndipo musawauze ana kuti ndi yachikhristu. Ubwino wake ndi wakuti imafunsa mafunso atatu amene Baibulo limayankha: mtengo wa munthu umachokera kuti, ndani ali ndi malo pakati pathu, ndipo ngwazi ndi wotani. Ntchito yanu ndi kuthandiza ana kumva mafunsowo bwinobwino, kenako kulola Malemba aweruze mayankho a filimuyo. Pena Malemba avomereza, pena akana.

Muyambe mwaonera nokha, kawiri

Ulendo woyamba ingoonerani, osalemba kanthu. Ulendo wachiwiri khalani ndi pepala logawidwa m'mizere itatu: mphindi imene chinthu chachitika, chimene maso aona, ndi chimene munthu wa m'filimuyo akufuna pa nthawiyo. Mzere wa mavesi usakhalepo kaye. Mukayamba ndi mavesi mudzaona zokhazo zimene mukufuna kuona.

Polemba, tsatani zinthu zogwirika osati maganizo. Opanga makatuni amajambula chilichonse ndi cholinga, choncho chinthu chikabwera kawiri kapena katatu, dziwani kuti chanyamula nkhani. M'filimu iyi zinthu zotere ndi keke, mendulo yagolide, mendulo yopangidwa ndi manja, galimoto ya mpikisano, kiyi wa nyumba yapamwamba, ndi chithunzi chimene chili pambali pa makina a masewera. Mwana wa zaka 12 sangakuyankheni mukamufunsa za "mtengo wa munthu", koma mukamufunsa kuti kachidole ka Ralph anakaika pati pa keke, akuuzani msanga kuti m'matope, pansi.

Pali zina zoti mudziwiretu musanaitane ana a eni ake. Filimu ikungoyamba pali msonkhano wa anthu oipa a m'masewera osiyanasiyana, ndipo pakati pawo pali wooneka ngati mdyerekezi, wanyanga, komanso chimunthu chonga mtembo woyenda chimene mnzake akuchizula mtima. Ndi zanthabwala, koma kholo lina silingazione choncho. M'masewera a Hero's Duty muli kuwomberana ndi tizilombo toopsa totchedwa Cy-Bug, ndipo mbiri ya Sergeant Calhoun, mkazi wotsogolera asilikali m'masewerawo, ndi yakuti bwenzi lake linadyedwa ndi kachilombo kotere pa tsiku la ukwati. Mulinso mayina onyozana ndi nthabwala za kuchimbudzi. Ana osakwana zaka 8 ndi bwino asakhalepo, ndipo abusa kapena akulu a mpingo auzeni zonsezi pasadakhale, asadzamvere kwa ena.

Za zipangizo tinene mwachidule. Sipika ndi yofunika kuposa kukula kwa chithunzi, chifukwa sipika ya laputopu simveka kwa anthu opitirira asanu. Yatsani mawu olembedwa pansi, pakuti Vanellope, mtsikana wa m'masewera a mpikisano wa magalimoto otchedwa Sugar Rush, amalankhula Chingerezi chothamanga. Laputopu ikhale yodzaza moto, ndipo mudziwe chochita magetsi akazima pakati. Makope omasuliridwa m'Chichewa a m'nyumba zoonetsera mafilimu musawadalire pa ntchito iyi, popeza womasulira amaikamo nthabwala zake, nthawi zina pamalo pomwe pakufunika chete. Ndi bwino inu nomwe muzifotokoza. Kumbukiraninso kuti kope logulira kuonera pakhomo silikupatsani chilolezo choonetsa gulu, makamaka ngati mukulipiritsa pakhomo. Za chilolezo funsani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso.

Mphindi zisanu musanayatse

Ana ambiri sanalowepo m'nyumba ya masewera oponya ndalama m'makina, ndiye mukapanda kufotokoza amasochera koyambirira komwe. Auzeni zinthu zinayi zokha. Makina alionse ndi dziko palokha, ndipo usiku nyumbayo ikatsekedwa anthu a m'masewera amayenderana kudzera m'mawaya a magetsi. Munthu akafera m'masewera ake amadzukanso, koma akafera m'masewera a eni, wapita. Makina akaoneka owonongeka, mwini nyumba amawazula ku magetsi ndipo onse okhalamo amasowa kwawo. Chachinayi n'chakuti amene ali glitch monga Vanellope, kutanthauza amene thupi lake limathwanimathwanima chifukwa pulogalamu yake inasokonekera, sangatuluke m'masewera ake. Popanda malamulo anayiwa, nsembe ya Ralph kumapeto sioneka kulemera kwake.

Kenako apatseni ntchito imodzi ya maso: awerenge mamendulo amene Ralph avale, ndipo aone mmene iliyonse yafikira m'khosi mwake. Musawauze chifukwa.

Imitsani kawiri kokha. Koyamba Ralph akangophwanya keke paphwando, kachiwiri akangophwanya galimoto ya Vanellope. Pamalo ponse pawiri funsani funso limodzi, mphindi zisanu, n'kupitiriza. Mukaimitsa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi ana amatopa nanu, ndipo chisoni chimene filimu imamanga pang'onopang'ono chimabalalika. Zonse pamodzi, kufotokoza, kuonera, kuima kawiri, kupuma mphindi 10 ndi kukambirana mphindi 40, zimatenga pafupifupi maola atatu. Ngati nthawi yanu ndi yochepa, dulani pa kuphwanyidwa kwa galimoto, mudzamalize sabata yotsatira.

Keke ndi kiyi

Ralph wagwira ntchito yogumula nyumba m'masewera a Fix-It Felix Jr. kwa zaka 30. Iye amagumula, Felix amakonza ndi hamala yake n'kulandira mendulo, kenako eni nyumba amamuponya Ralph kuchokera padenga n'kugwera m'matope. Usiku onse amalowa m'nyumba, iye amakagona kudzala la njerwa. Pa tsiku lokondwerera zaka 30 za masewerawo sanamuitane. Atadziitana yekha, akupeza keke yooneka ngati nyumba yawo, tizidole ta onse tili padenga, kake kali pansi m'matope.

Mukaimitsa apa funsani kuti: ndani walakwa m'chipindamu? Ana adzatchula Gene, mmodzi wa eni nyumba, amene akunyoza poyera. Ena adzatchula Ralph chifukwa cha ukali. Dikirani mpaka wina atchule Felix, ndipo akapanda kumutchula mutchuleni inu. Felix ndi waulemu, satukwana, sanamumenyepo Ralph. Koma zaka 30 wakhala akugona pabwino osafunsa kuti mnzake wa pantchito amagona pati. Amadzazindikira pokhapokha iye mwini atatsekeredwa m'ndende ya King Candy, mfumu ya ku Sugar Rush, n'kuyamba kudandaula za kukanidwa, Ralph n'kumuuza kuti umenewo ndiye moyo wake wa tsiku ndi tsiku. Achinyamata ambiri a mumpingo si a Gene, ndi a Felix, ndipo apa ndi pamene filimu imawakhudza ngati mtsogoleri salumphapo.

Malemba a gawo ili asankheni mosamala. Yakobo 2:1-4 amanena za wovala mphete yagolide amene apatsidwa mpando wabwino, ndi wosauka amene auzidwa kuti aime uko kapena akhale pansi. Keke ija ndi yomweyi. 1 Akorinto 12:21-26 amati diso silingauze dzanja kuti silikulifuna, ndipo ziwalo zooneka zofooka ndizo zofunika. Filimu imaonetsa zimenezi mosabisa: Ralph atachoka, mtsikana wina akuponya ndalama m'makina, palibe wogumula, Felix alibe chokonza, ndipo makina akuikidwa chikwangwani chakuti awonongeka.

Koma apa pali msampha. Eni nyumba anamufuna Ralph atazindikira kuti popanda iye nawonso atha. Uku ndi kulandira munthu chifukwa cha phindu lake. Kulandira kwa Uthenga Wabwino kumapitirira pamenepa, ndipo nkhani yoonetsa bwino ndi ya Mefiboseti pa 2 Samueli 9. Anali wolumala mapazi onse awiri, wa banja la Sauli, akukhala ku Lodebara, ndipo anadzitcha yekha galu wakufa. Davide sanamufunire ntchito. Anamuika pagome lake kuti azidya ngati mmodzi wa ana a mfumu, chifukwa cha pangano lake ndi Yonatani. Werengani nkhaniyi mokweza, kenako funsani ana kusiyana kwa gome la Davide ndi phwando la eni nyumba aja. Zakeyu pa Luka 19:1-10 angathandizenso, makamaka vesi 7 pamene anthu akung'ung'udza, koma sankhani nkhani imodzi, osati zonse ziwiri.

Kiyi amabwera mochedwa. Ralph akubwerera kwawo ndi mendulo yagolide, akupeza onse athawa poopa kuti makina azulidwa, watsala Gene yekha. Gene akusunga lonjezo lake la paphwando paja, lakuti Ralph akapeza mendulo adzakhala m'chipinda chapamwamba, n'kumupatsa kiyi wake. Ralph wapeza chimene ankafuna, koma m'nyumbamo mulibe munthu. Paja akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Funso labwino apa ndi lakuti: kodi Ralph ankafunadi chipinda?

Mamendulo awiri

Apa ndiye pamtima pa phunziro lonse, ndipo theka la nthawi yokambirana lithere pano.

Mendulo yoyamba Ralph akuitenga m'masewera a Hero's Duty. Wavala zovala za msilikali wina, nkhondo yamukanika, ndiye masewera ataima akukwera nsanja chakunja n'kukaitenga pamwamba. Sanaba kwa munthu, komanso sanaigwirire ntchito monga malamulo a masewerawo amafunira. Potuluka akuponda dzira la Cy-Bug, ndipo kachilombo kameneka ndi kamene kadzaswane pansi pa dziko la Sugar Rush mpaka kutsala pang'ono kuliwononga lonse. Ana aone mzere umenewu: njala ya Ralph yofuna kutchedwa ngwazi yaika pangozi masewera ake, yaikanso pangozi kwawo kwa ena.

Mendulo yachiwiri ndi kabisiketi kooneka ngati mtima, kolembedwa ndi dzanja la mwana. Vanellope wakapanga yekha, ndipo walembapo kuti Ralph ndi ngwazi yake, mbali inayo n'kulembapo dzina lomuseka. Onetsetsani nthawi imene akuipereka. Mpikisano usanayambe, palibe amene wapambana. Ndipo Ralph pa mphindi imeneyo wangolandira kumene kuchokera kwa King Candy mendulo yagolide ija, imene inamutayika ku Sugar Rush, ndipo wamvera kale mawu a mfumuyo akuti mtsikanayo asaloledwe kupikisana. Akuvekedwa ulemu ndi munthu amene watsala mphindi zochepa kumusweratu mtima.

Jambulani mamendulo awiriwa pa bolodi, ana anene okha kusiyana kwake. Musawathandize msanga. Kawirikawiri amapeza izi: ina ndi yagolide, ina ndi yodyedwa, ina ikanapita kwa aliyense wofika pamwamba pa nsanja, ina inapangidwira Ralph yekha, ina anaitenga, ina anapatsidwa, ina anaitaya yekha poiponya pa galasi la makina, ina ndi imene anaifumbata pogwa kumapeto. Akafika pa "anaitenga" ndi "anapatsidwa", tsegulani Baibulo.

Yambani ndi Afilipi 3:4-9. Paulo akuwerenga mamendulo ake: mdulidwe wa tsiku lachisanu ndi chitatu, fuko la Benjamini, Mhebri wa Ahebri, Mfarisi, wosalakwa pa chilamulo. Kenako akuti zonsezi waziyesa zachabe kuti apeze Khristu, ndi chilungamo chosachokera mwa iye mwini. Funsani ana kuti mamendulo a kwathu kuno ndi ati. Adzatchula mapointi a MSCE, kusankhidwira kusukulu ya boma yogonera konko, foni, kuimba patsogolo m'kwaya, kuchuluka kwa anthu okutsatira pa Facebook. Musanyoze chilichonse mwa izi. Kukhoza mayeso n'kwabwino, ndipo mwana wolimbikira asachoke akuganiza kuti mwamudzudzula. Funso ndi lakuti, chinthucho chikachoka, munthuyo watsala ndi chiyani? M'gulu lililonse muli wina amene sanakhoze, ndipo akumvetsera mwatcheru kuposa onse.

Kenako Aroma 5:6-8, pamene akuti Khristu anatifera tili chikhalire ochimwa, ndi Aefeso 2:8-10. Vesi 10 musalisiye, chifukwa limaika zinthu m'ndondomeko yake: chisomo choyamba, ntchito zabwino pambuyo. Ndi mmenenso filimu yayendera. Ralph akuchita chinthu cha ungwazi weniweni atatchedwa kale ngwazi, osati kuti atchedwe. Kwa ana aang'onopo, Luka 12:6-7 ndi yosavuta: mpheta zisanu zogulidwa timakobiri tiwiri, koma palibe imodzi yoiwalika pamaso pa Mulungu.

Chilungamo chikufuna kuti munene poyera pamene fanizoli likutsimphina. Vanellope sanapereke mendulo kwa mlendo. Ralph anali atamuthandiza kupanga galimoto ndi kumukonzera pophunzirira kuyendetsa. Choncho mphatso yake ili ndi kuthokoza mkati, pamene chisomo cha Mulungu sichibweza kanthu. Wachinyamata wochenjera adzaona zimenezi, ndipo akazinena muyamikireni. Akapanda kuzinena, zineneni inu.

Mawu a pamsonkhano wa anthu oipa

Cholakwika chachikulu chimene atsogoleri amachita ndi filimu iyi chili apa. Pamsonkhano uja, anthu oipa a m'masewera amanena pamodzi mawu olimbikitsana, akuti iwo ndi oipa ndipo zili bwino choncho, sadzakhala abwino, ndipo safuna kukhala wina aliyense koma iwo eni. Ralph akubwerezanso mawuwa pogwa kumapeto, nyimbo ikukoma, ndipo ana amawaloweza msanga. Mtsogoleri wina amawatenga ngati uthenga wa filimu n'kuuza ana kuti Mulungu amafuna akhale mmene alili. Wina amakwiya, n'kuwerenga Yesaya 5:20 za otcha choipa chabwino, n'kuitaya filimu yonse. Onse awiri aphonya.

M'filimuyi "woipa" ndi dzina la ntchito. Fotokozani ndi sewero la Pasaka: mnyamata amene amasewera Yudasi kapena msilikali wokhoma misomali si woipa, ndipo popanda iye sewero silichitika. Vuto la eni nyumba ndi lakuti sewero litatha anapitiriza kumuona Ralph ngati Yudasi. Zoterezi zimachitikira anthu enieni: wosesa mumsika, wopopa zimbudzi, mlonda wa usiku, mwana amene bambo ake ali kundende. Pa mbali iyi mawu aja ali ndi choonadi, ntchito yonyozeka sichotsa ulemu wa munthu wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, monga Genesis 1:27 anenera.

Koma Ralph alinso ndi zoipa zenizeni, zosakhudzana ndi ntchito yake: ukali, kuthawa udindo, kudziganizira yekha. Izi filimu sikuti zili bwino, ndipo Ralph mwini akuvomera kwa Vanellope kuti analakwa. Gawani bolodi pawiri, mbali ina "zimene Ralph ayenera kulandira", mbali ina "zimene ayenera kulapa", ana adzaze. Manja akuluakulu ndi ntchito yogumula apita mbali yoyamba, kuphwanya keke mwaukali kupita yachiwiri. Mukatero werengani 1 Yohane 1:8-9. Mawu akuti "sindidzakhala wabwino" Mkhristu sangawanene za mtima wake, pakuti 2 Akorinto 5:17 akulankhula za wolengedwa watsopano.

King Candy ndi chithunzi cha pambali pa makina

Mukaimitsa kachiwiri, galimoto itaphwanyidwa, m'chipinda mumakhala chete. Funsani kuti: Ralph wachita bwino kapena walakwa? Ana adzagawikana, ndipo asiyeni atsutsane, chifukwa pa nthawiyo nawonso sakudziwa kuti King Candy wanama. Filimu ikatha bwererani ku funso lomweli.

Bodza la King Candy, lakuti Vanellope akapikisana osewera adzayesa makina awonongeka, makinawo adzazulidwa ndipo iye adzafera momwemo, ndi lofunika kuliphwanya bwino, pakuti lapangidwa ndi zidutswa za choonadi. N'zoona kuti glitch sangatuluke m'masewera. N'zoona kuti makina owonongeka amazulidwa. Chimene wabisa n'chakuti iye mwini ndiye anasokoneza pulogalamu ya Vanellope n'kutsekera chikumbumtima cha onse, ndiponso kuti iye yemweyo ndiye Turbo, wa m'masewera ena akale a mpikisano, amene nsanje inamuchititsa kulowerera masewera a eni mpaka makina awiri anazulidwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo taonani pamene wamugwira Ralph: wamuuza kuti kuletsa mtsikanayo kupikisana ndiko kuchita za ungwazi. Wamukola ndi njala yake yomwe. Genesis 3:1-5 ndi 2 Akorinto 11:14 akukwana apa. Turbo ndi Ralph anayamba ulendo umodzi, onse anachoka kwawo kukafuna ulemu kwa eni, ndipo ndi bwino kufunsa ana kuti anasiyana pati.

Choonadi chikutulukira pamene Ralph akuponya mendulo yagolide, chikwangwani cha pagalasi n'kupendekeka, iye n'kuona chithunzi cha Vanellope pambali pa makina a Sugar Rush. Amene onse ankati ndi cholakwika, wopanga masewera anamujambula panja penipeni. Salmo 139:13-16 likugwirizana ndi mphindi imeneyi kuposa vesi lina lililonse.

Chenjerani kwambiri pa gawo ili. M'gulu mwanu mungakhale mwana wachibwibwi, wakhunyu, wachialubino kapena woyenda ndi ndodo, amene anzake amamuchita zimene Taffyta ndi anzake anachita pogwetsera Vanellope m'matope. Musamuloze, musamutchule ngati chitsanzo, musamuyang'ane polankhula. Ndipo mawu akuti glitch akangoyamba kumveka ngati dzina lotchulira wina, letsani pomwepo, chifukwa dzina lotere likatuluka pachipata cha tchalitchi silibwerera. Dziwaninso kuti Vanellope akupezeka kuti ndi mwana wa mfumu. Mwana woganiza angafunse kuti, akanakhala kuti analidi cholakwika wamba, kodi kumuzunza kukanakhala bwino? Yankho ndi ayi, ndipo filimu siyankha funsoli mokwanira. Baibulo ndilo limayankha, pa Yohane 9:1-3 ndi pa Mefiboseti uja, amene anakhala pagome la mfumu mapazi ake ali olumala chikhalire. Filimu yachita bwino pa chinthu chimodzi: Vanellope atabwezeretsedwa akusunga kuthwanima kwake, ndipo ndi kumene kunapulumutsa Ralph. Izi mungazifanizire ndi 2 Akorinto 12:9, koma mopepuka.

Ngwazi, ndi malire a fanizo

Tizilombo tadzaza Sugar Rush, onse athawa, Vanellope sangatuluke. Ralph akukwera phiri la Diet Cola kuti agwetsere maswiti a Mentos m'chiphalaphala, kuwala kwake kukoke tizilombo tonse tikapsere momwemo. Akudziwa kuti ali m'masewera a eni, akafa sadzukanso. Palibe mendulo imene walonjezedwa. Chida chake ndi manja omwe aja ogumula, amene ankachita nawo manyazi. Yohane 15:13, za kutaya moyo chifukwa cha abwenzi, ndi Marko 10:42-45, za wamkulu kukhala mtumiki, ndiwo mavesi ake.

Musanene kuti Ralph ndi Yesu. Ana amakonda masamu otere, uyu ndi Yesu, uyu ndi Satana, mwini nyumba ya masewera ndi Mulungu, ndipo mukawalola phunziro limasanduka mpikisano wolumikiza mayina. Zifukwa zokanira ziwauzeni momveka. Ralph akuzimitsa moto umene anayatsa yekha, pamene Khristu analibe tchimo. Ralph akufera bwenzi lomukonda, pamene Aroma 5:10 akuti tinayanjanitsidwa tili adani. Ralph akupulumutsidwa asanafe, pamene Khristu anafadi n'kuuka. Mwini nyumba ya masewera sadziwa n'komwe kuti anthu a m'makina ake ali ndi moyo, ndipo amazula makina osapindulitsa. Ameneyo si Mulungu wa m'Baibulo. Mawu oyenera ndi akuti "izi zikutikumbutsa", osati "izi zikuimira". Ralph afanizidwe ndi wophunzira amene wayamba kutsata njira ya Mbuye wake, osati ndi Mbuyeyo.

Mathero ali ndi phunziro limene ambiri saliona. Ralph akubwerera ku ntchito yomwe ija, akuponyedwabe kuchokera padenga tsiku lililonse. Chasintha n'chakuti anzake ayamba kumulemekeza, anthu osowa kwawo monga Q*bert apatsidwa malo m'masewera awo, ndipo akanyamulidwa padenga paja amatha kuona Vanellope akupikisana. Kwa wachinyamata amene mawa abwerera ku nyumba yomweyo, kusukulu yomweyo, kukagulitsa mandasi pamalo omwewo, izi n'zofunika kuposa kuphulika kwa phiri. Funsani kuti ungwazi wa Lolemba m'mawa umaoneka bwanji.

Kayendetsedwe ka mphindi 40

Gawani ana m'magulu a anthu 6 mpaka 8, gulu lililonse ndi wamkulu mmodzi amene anaonera kale. Akapitirira 10, olankhula amakhala atatu okhaokha. Funso lililonse lidutse masitepe atatu motsatana: mwaona chiyani, munthuyo amafuna chiyani, Malemba akuti chiyani. Mukayamba ndi lachitatu ana amabisala m'mayankho a Sande sukulu. Mukafunsa, werengani chamumtima mpaka 10 musanalankhulenso. Chete ameneyu amaoneka wautali kwa inu nokha.

Mavesi tatchula ambiri kuti musankhepo, koma tsiku limodzi musapitirire atatu, ndipo awerengedwe ndi ndime yake yonse, osati kachidutswa. Gulu la zaka 9 mpaka 12 likwanira ndi keke, mamendulo ndi Luka 12. Bodza la King Candy ndi mawu a pamsonkhano uja ndi a zaka 13 kupita m'tsogolo. Ngati ena ali ndi Buku Lopatulika ena Buku Loyera, werengani onse awiri, chifukwa kusiyana kwa mawu kumadzutsa mafunso abwino.

Musafunse pagulu kuti "ndani pano amadziona ngati Ralph?" Amene akumvadi choncho sangakweze dzanja, ndipo okweza amakhala akuseka. Gawani timapepala, aliyense alembe mendulo imodzi imene akuithamangitsa, osalemba dzina, apinde. Muwerenge nokha kunyumba, ndipo zimene mwapezamo zikuuzeni phunziro la sabata yotsatira. Kapepala kakaonetsa kuti mwana akuzunzidwa kapena akuganiza zodzivulaza, musadikire sabata: uzani abusa kapena mkulu wodalirika tsiku lomwelo, ndipo lengezani kwa gulu lonse nthawi ndi malo amene aliyense angakupezeni payekha, pali wamkulu wina pafupi.

Ngati pali chakudya pomaliza, chikhale chogawana m'mbale imodzi kapena ziwiri, ndipo atsogoleri mukhale mwagwirizana kale kuti aliyense wa inu akakhala pafupi ndi mwana amene anabwera yekha.